Chimbalangondo choopsa kwambiri n'chiti?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo iyi: "Ine ndi achimwene anga takhala tikutsutsana. Iwo akuti chimbalangondo cholusa kuposa zonse ndi grizzly cha ku America, ine ndikuti n'choyera chija cha kumadzi oundana. Akulondola ndani?"

Zikomo pofunsa, koma pa ukali wokha nonse awiri mwaphonya. Pa mitundu 8 ya zimbalangondo imene ilipo, ine ndingaloze sloth bear cha ku India, Nepal ndi Sri Lanka. Thupi lake n'laling'ono poyerekeza ndi ziwiri mwatchulazo, ndipo chimadya chiswe, nyerere ndi zipatso. Chimagumula chulu ndi zikhadabo zake zitalizitali, n'kuzika mphuno pansi, n'kumayamwa chiswe mwaphokoso. Nthawi imeneyo sichidziwa chimene chikubwera kumbuyo, chonsecho nkhalango zake ndi zomwezo zimene mumakhala akambuku akuluakulu a mizeremizere aja. Kuthawa sikungachipulumutse. Ndiye chinazolowera kuti chikadzidzimuka chimaimirira ndi miyendo iwiri n'kulumphira chilichonse chili pafupi. Munthu wotola nkhuni kapena wodyetsa ng'ombe akachitulukira mwadzidzidzi, chimamuchita zomwe chikanachita kwa kambukuyo, ndipo chimalunjika kumutu ndi kumaso. Ambiri amapulumuka, koma nkhope itawonongekeratu. Nthawi ina, chimodzi cha kudera la Mysore ku India chinapha anthu osachepera 12 mlenje Kenneth Anderson asanachiwombere.

Achimwene anu sananene zopanda pake. Grizzly ndi mtundu wa chimbalangondo chofiirira, chimene chimapezekanso ku Russia, ku Romania ndi pachilumba cha Hokkaido ku Japan. Kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti kuyambira 2000 mpaka 2015 zimbalangondo zofiirira zinaukira anthu maulendo 664 padziko lonse, ndipo anthu 95 anafa. Pafupifupi theka la maulendowo, choukiracho chinali chachikazi chokhala ndi ana. Ukali wake ngwa mantha: chimafuna kuti muleke kukhala chiopsezo, basi. N'chifukwa chake alonda a m'nkhalango za ku America amalangiza kuti chikakugwerani mugone chafufumimba, muphimbe khosi ndi manja, mukhale ngati mwafa. Kawirikawiri chimakusiyani.

Choyera chija nkhani yake ndi ina. Chachimuna chimatha kupitirira makilogalamu 600, ndipo chimadya nyama pafupifupi yokhayokha, makamaka nyama zam'nyanja zotchedwa seal. Chikamalondola munthu sichikhala chitakwiya. Chimakhala ndi njala, moti kunamizira kufa n'kungochipatsa chakudya. Komabe chiwerengero cha maulendo amene chinaukira anthu n'chochepa modabwitsa: kuyambira 1870 mpaka 2014, ofufuza anapeza maulendo 73 okha, ndipo amene anafa ndi 20. Chifukwa chake n'chakuti kumene chimakhala kulibe anthu ambiri, ndipo ochepa amene alikowo sachitenga mwachibwana. Ku Svalbard, zilumba za dziko la Norway za kumadzi oundana, lamulo limafuna kuti aliyense wotuluka kunja kwa midzi anyamule zipangizo zochiopsezera.

Koma chimene chimandichititsa nthumanzi ineyo n'chakuda cha ku North America, chimene anthu amachiyesa chamantha. N'zoona, chikaona munthu nthawi zambiri chimathawa kapena kukwera mumtengo, ndipo chachikazi chokhala ndi ana chimangowopseza pofwenthera ndi kumenya pansi. Katswiri wa ku Canada, Stephen Herrero, anafufuza imfa 63 zimene zimbalangondo zakuda zinachititsa pakati pa 1900 ndi 2009. Anapeza kuti pafupifupi zonse zinachititsidwa ndi zamphongo, ndipo zambiri zinkasaka munthuyo ngati nyama. Chotere sichibangula ayi. Chimangobwera mwakachetechete, maso ali pa inu, chikutsatirani pang'onopang'ono. Apa malangizo amatembenuka: musagone pansi, musathamange, limbanani nacho ndi mwala, ndodo, chilichonse muli nacho m'manja.

Panda, sun bear ndi chija cha kumapiri a Andes sindichedwa nazo. Zimaluma ndithu zikapanikizidwa, koma sizili pampikisano uwu.

Chatsala n'chakuda cha ku Asia, chokhala ndi chizindikiro choyera pachifuwa. Sichifika msinkhu wa grizzly, koma chimalusa msanga kuposa chinzake cha ku America, ndipo chimakhala moyandikana kwambiri ndi minda ndi nyumba za anthu. Ku Japan, midzi ya kumapiri ikutha anthu chifukwa achinyamata akusamukira m'mizinda, alenje akukalamba, minda yosiyidwa ikusanduka tchire. Mitengo ya m'nkhalango ikapanda kubereka bwino, zimbalangondo zimatsikira kumidzi kudzafuna zipatso. M'chaka cha boma cha 2023 chokha, anthu oposa 200 anavulazidwa kapena kuphedwa ndi zimbalangondo m'dzikomo, ambiri mwa iwo kumpoto, m'madera monga Akita ndi Iwate.