Kwa mtsikana amene anafuna mpando koma anapatsidwa kope

Ndalandira kalata yochokera kwa mtsikana wa Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera, kutsidya la kum'mawa kwa Shire m'boma la Chikwawa. Akuti anapikisana nawo pa udindo wa wapampando wa kalabu yothandiza anthu m'midzi, mnyamata wina anamuposa, ndipo anzake anamupatsa ulembi ngati chopukutira misozi. Akufunsa ngati avomere udindowo kapena angotuluka m'kalabumo.

Achemwali, kalata yanu yandikhalitsa pansi, chifukwa m'nkhani yanuyi ine ndine mnyamata wakuposaniyo. Mu Seputembala 2014, nditangolowa Fomu 3 pa sukulu ina m'boma la Nsanje, anzanga anandisankha kukhala wapampando wa kalabu yonga yanuyo, ndipo chimene anandisankhira n'chakuti ndinkadziwa kulankhula Chingerezi pa asembule osanjenjemera. Ulembi anapatsa mtsikana wina wofatsa, pa chifukwa chimene mwina inunso mwauzidwa, chakuti atsikana amalemba mooneka bwino.

Ntchito yanga yoyamba inali ya nazale. Ndinalengeza pamaso pa sukulu yonse kuti tifesa nimu ndi msangu m'machubu kuti tidzabzale nyengo yobzala mitengo ikadzatsegulidwa pa 15 Disembala, ndipo anthu anaomba m'manja. Chimene sindinachite ndicho kulemba kuti Loweruka athirira ndani, Lamulungu athirira ndani. Aliyense wokulira kuchigwa kuno amalidziwa dzuwa la Okutobala ndi Novembala, limene limaumitsa dothi la m'chubu tsiku limodzi, komanso amadziwa kuti madzi a mijigo yathu yambiri ndi amchere, kotero othirira mbande ayenera kukatungidwa kutali. Mbande zimene zinapulumuka ku dzuwa zinadyedwa ndi mbuzi, popeza za mpanda nazonso palibe amene anauzidwa. Aphunzitsi otiyang'anira atandifunsa, ndinaloza chala mamembala kuti ndi aulesi, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Nthawi yonseyi mlembi uja ankachita chinthu chimene ine ndinkachiona ngati kutaya nthawi. Lachisanu lililonse masana tinkapita m'midzi yozungulira sukulu kukatungira madzi agogo, kuwazirira m'nyumba ndi kuwafolerera madenga mvula isanayambe. Iye ankayenda ndi kope lachikuto cholimba, ndipo pakhomo lililonse ankalemba dzina la agogowo, mudzi wawo, nyakwawa yawo, ngati amatha kuyenda okha, ngati amaona, komanso amene amagona nawo m'nyumba. Nthawi zina tinkamusiya akulemba ife titayamba kale kubwerera.

Mu Januwale 2015 kunagwa mvula imene anthu a kuno sadzaiiwala. Shire ndi Ruo anasefukira, dera la Makhanga linasanduka chilumba, ndipo pa 13 Januwale Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Sukulu yathu, monga sukulu zambiri za pamtunda, inasanduka kampu, ndipo m'makalasi munadzaza mphasa, mapoto ndi ana olira. Anyakwawa ndi a komiti ya zangozi atayamba kuwerenga anthu, vuto linali lakuti aliyense ankawerenga a pabanja pake, ndipo okalamba okhala okha analibe owafunsa. Mlembi wathu anabwera ndi kope lake atalikulunga m'jumbo, nayamba kuitana mayina limodzilimodzi. Ena anayankha, ena sanayankhe, ndipo amene sanayankhewo ndi amene amuna a mabwato anauzidwa kuti akawafune, atauzidwanso mbali ya mudzi imene nyumba zawo zinali. Agogo ena osaona anakawapeza atakhala pachulu.

Patapita masiku kunabwera alendo a bungwe lina lothandiza, ndipo atamva kuti ana a sukulu anathandiza pa kalembera, anafunsa kuti mtsogoleri wa kalabu ndani. Ndinaimirira ine. Ndinalankhula bwino ndithu, anandigwira chanza ndi kundijambula, ndipo dzina la mwini kopeyo sindinalitchule. Iye anali chapatali akuthandiza kugawa phala.

Ndiye mukandiuza kuti ulembi ndi chopukutira misozi, ndikukana, ndipo ndikukana mwaukali pang'ono. M'makalabu athu ambiri wapampando ndi munthu wotsegula ndi kutseka msonkhano, wolandira alendo, ndi woimirira pa asembule. Ntchito zimenezi n'zofunika, koma kalabu siifa chifukwa chosowa wolankhula. Imafa chifukwa palibe amene akukumbukira zimene zinagwirizanidwa sabata yatha, palibe amene akudziwa kuti makasu a kalabu anabwereka ndani, ndipo pakhomo pa agogo pamene tinalonjeza kubwerera sitinabwererepo. Mwambo woti mnyamata akhale pampando ndipo mtsikana agwire cholembera ndi woipa, ndipo aphunzitsi amene amauyang'ana osanena kanthu ali ndi mlandu, chifukwa ana amenewa ndiwo mawa adzakhale m'makomiti a chitukuko cha m'mudzi ndi a sukulu, kumene kakhalidwe kake ndi komweko. Koma kuipa kwa mwambowo sikuchepetsa mphamvu ya kope. Wolemba ndiye amasunga zimene gulu lanena, ndipo wapampando akayamba kupotoza, kope ndilo limamubweza.

Za msungichuma ndi a Fomu 4

Popeza ndayamba kudandaula, ndinene ndi za ndalama. Kalabu yathu inkapeza ndalama pochita maganyu opalira thonje ndi mapira, ndipo msungichuma ankazisunga m'chikwama chake cha mabuku. Tsiku lina zinaperewera, ndipo popeza panalibe cholembedwa, nkhani inathera pa kunong'onezana, mnyamatayo n'kusiya kubwera. Mwina sanabe n'komwe. Mwana wa sukulu asamagone ndi ndalama za gulu. Aziwerenge pamaso pa anzake awiri, mlembi alembe, onse asayine, kenako zikasungidwe kwa aphunzitsi oyang'anira kalabu, amenenso asayine polandira. Aphunzitsi ena amakwiya akauzidwa kuti asayine pamaso pa ana, koma amenewo ndi amene ayenera kusayina kawiri.

Cholakwa chathu chachikulu chinadza pamapeto. Tinakakamira maudindo mpaka Fomu 4, chifukwa aliyense ankafuna kuti kalata yaumboni yochokera kwa ahedi idzatchule udindo wake. Mayeso a MSCE atayandikira tinasiya kupita kumidzi, tinalemba mayesowo, tinabalalika, ndipo a Fomu 2 amene akanapitiriza sitinawaphunzitse kalikonse. Namondwe Freddy atawononga chigwa chino mu Malichi 2023, ndinafunsa mnzanga wina wa kufupi ndi sukuluyo ngati kope lija likadalipo. Anati kalabu inatha kalekale ndipo za kope palibe akuzidziwa.

Tsono yankho langa n'lakuti vomerani, achemwali, koma pa msonkhano woyamba mupemphe zinthu zitatu, ndipo muzilembe tsiku lomwelo. Ntchito iliyonse yogwirizanidwa ikhale ndi dzina la munthu ndi tsiku lake, ndipo msonkhano wotsatira uziyamba ndi inu kuwerenga mayinawo mokweza. Mupatsidwe wachiwiri wa Fomu 2 woti muziyenda naye kumidzi ndi kumusiyira kope. Chisankho chotsatira chichitike teremu yoyamba ya Fomu 4 isanathe, ndipo kope lizisungidwa ku ofesi ya aphunzitsi, m'jumbo, pashelefu yapamwamba. Mnyamata wakuposaniyo musamuchitire kaduka poyera, koma alendo akabwera muimirire pambali pake ndi kope lanu m'manja, ndipo akafunsa za nambala ya makomo amene mwayendera, muyankhe ndinu.