Saireni ikalira, musatuluke kukaonerera

Achemwali ena amene angofika kumene ku Oklahoma, ku America, andilembera imelo. Akukhala m'nyumba yosanja, chipinda cha pamwamba, ndipo akufunsa kuti saireni yochenjeza za tornado, mphepo yamkuntho yozungulira, ikalira athawire kuti.

Funsoli landikhudza, chifukwa ine nditafika kuno abale anandiuza kogula ufa ndi nyemba, koma za mphepoyi kunali zii. Loweruka lina masana saireni inalira, mtima wanga phaa, pomwe aneba akungotchetcha kapinga osatekeseka. Kani ku Oklahoma City amayesa masaireni Loweruka 12 koloko kunja kukacha bwino. Yeniyeni inadzalira usiku wina mu Meyi. Aneba omwewo anagogoda, natitsitsira m'dzenje lawo la pansi pa galaja, ana atavala zipewa zokwerera njinga, galu ali momwemo. Agogo awo ankangodandaula za mphika umene anausiya pamoto.

Ambirife timaganiza kuti tornado ndi kamvuluvulu wa mu Okutobala uja wonyamula zinyalala pabwalo. Ayi ndithu. Pa 20 Meyi 2013 mphepoyi inasesa tauni ya Moore, pafupi ndi Oklahoma City, ndi kupha anthu 24, asanu ndi awiri mwa iwo ana a pa sukulu ya Plaza Towers. Ku Joplin, Missouri, mu 2011 anafa oposa 150. Namondwe Freddy a zanyengo anamulengeza kudakali masiku, koma tornado imakupatsa mphindi 10 kapena 15 basi.

N'chifukwa chake amanditopetsa anzathu amene amaima pakhonde n'kumajambula mitambo kuti aike pa Facebook, ukawadzudzula amvekere "tsiku likakwana lakwana". Kumeneko si kukhulupirira, n'kusamva. Ena akuti tsegulani mawindo kuti nyumba isaphulike: bodza, mukungotaya nthawi. Kubisala pansi pa mlatho wa msewu waukulu nakonso kunaphetsa anthu kuno pa 3 Meyi 1999, chifukwa mphepo ndi zidutswa zouluka zimadutsa pomwepo.

Tsono inuyo achemwali

Mukamva a zanyengo akuti "watch" ndiye kuti nyengo ikhoza kubala tornado, khalani tcheru. Mukamva "warning" yaoneka kale kapena makina a zanyengo akuionetsa, nyamukani. Chipinda cha pamwambacho chisiyeni. Pitani pansi penipeni, m'kachipinda ka pakati kopanda windo, bafa kapena kosungira zovala, mudzifunditse matiresi ndi kuteteza mutu. Valani nsapato zolimba, pasipoti ndi mankhwala zikhaliretu m'kachikwama. Saireni anaipangira anthu ali panja, usiku singakudzutseni, choncho foni isazimitsidwe ndipo mugule kawailesi kochenjeza za nyengo ka NOAA, bungwe la boma loona za nyengo. Nyengo yoopsa kwambiri kuno ndi Epulo mpaka Juni, ndiye mawa lomwe mufunse eni nyumba ngati pali pobisalira, apo ayi mukapange ubale ndi aneba a chipinda cha pansi.