Digiri ya Entrepreneurship: yankho kwa mwana wa mayi wogulitsa usipa ku Mangochi

Imelo yafika kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Mangochi. Akuti MSCE wakhoza bwino, masamu ali ndi kirediti, ndipo mtima uli pa digiri ya bizinesi, makamaka ya Entrepreneurship, yophunzitsa kuyambitsa ndi kukuza bizinesi. Koma amalume ake akuti: "Mayi akowa usipa agulitsa zaka zonsezi opanda digiri, iwe ukataye zaka zinayi kukaphunzira geni?" Aphunzitsi ake akuti bola Accountancy, ntchito siivuta. Funso lake ndi lakuti amvere ndani, nanga kumeneko amaphunzitsako chiyani kwenikweni.

Achemwali, amalumewo sakunama kotheratu. Yunivesite siikupatsani mpamba, siikupatsani makasitomala, ndipo kulimba mtima kodzuka 3 koloko m'bandakucha kukadikira maboti padoko sikuphunzitsidwa m'kalasi. Zimenezo amayi anu ali nazo kale kuposa alekichala ambiri. Chimene digiriyi imapereka ndi diso lowerengera: kudziwa musanakwere galimoto ngati ulendowo ubweretsa phindu kapena mungoperekeza anzanu ku Limbe.

Ndikuonetseni ndi usipa womwewo. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, inu muikemo ya lero.

Tinene kuti ndowa ya usipa wauwisi mwaoda pa K30,000. Wonyamula kuchoka padoko, lendi ya thandala, thumba ndi malipiro a katundu pagalimoto zikuwonjezera K4,000 pa ndowa iliyonse. Ndiye ndowa yakudyerani K34,000. Usipa ukauma umafota, wina umanyenyeka m'thumba, mwakuti za m'ndowa imodzi ija mukagulitsa pamsika zikupatsani K40,000. Anthu ambiri amaimira pomwepa n'kumati phindu ndi K6,000 pa ndowa, ndowa 20 ndiye K120,000, zayenda. Aiwala ndalama zimene zimatuluka ngakhale mutanyamula ndowa imodzi yokha: thiransipoti yanu kupita ndi kubwera, kogona, chakudya, chiphaso cha mumsika. Tiziike pa K90,000. Gawani K90,000 ndi K6,000, mupeza 15. Ndowa 15 zoyambirira zikungobweza za ulendo, phindu likuyambira pa ndowa ya 16. Pa ndowa 20 mwatsala ndi K30,000 basi, pa ndowa 30 mwatsala ndi K90,000. Nambala 15 ija m'kalasi amaitcha break-even point, ndipo mudzaiwerengera mpaka kutopa nayo.

Tsopano mvula igwe usipa uli pathandala, ndowa ziwiri ziwole. Mwagulitsa 18, mwapeza K720,000, pomwe mwawononga K770,000. Mwaluza K50,000, komatu m'chikwama muli ndalama zambiri, ndipo panyumba aliyense akuona ngati mwapha makwacha. Geni zambiri zimafera pamenepa: mwini wake akudya mpamba akuyesa phindu. Onjezani ngongole. Ngati K600,000 yooderayo mwaitenga ku banki nkhonde imene imafuna 20 pa 100 iliyonse pamwezi, chiwongoladzanja ndi K120,000. Maulendo anayi a K30,000 pamwezi ndi K120,000 yomweyo. Mwezi wonse mwagwirira ntchito gulu.

Pali chinanso chimene chimapha ngakhale bizinesi yopindula, chomwe amachitcha cash flow, kutanthauza nthawi imene ndalama zimalowa ndi kutuluka. Loji ya ku Cape Maclear kapena ku Monkey Bay ikhoza kukutengani chambo pamtengo wabwino kuposa wa pamsika, koma n'kukuuzani kuti ndalama mudzatenge pakutha pa mwezi. Msodzi samadikira mwezi, amafuna zake pompopompo. Papepala muli ndi phindu, m'manja mulibe yoodera mawa. Wophunzira bwino amajambula kalendala ya ndalama zolowa ndi zotuluka sabata ndi sabata, ndipo kwa munthu wa ku Mangochi kalendalayo iyenera kudziwa nyanja: miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamene maboti amakhala masiku osalowa; masiku a mwezi wowala pamene usipa umasowa chifukwa nyali za asodzi sizikoka nsomba; nyengo yotseka nyanja kumapeto kwa chaka; komanso masiku a Eid pamene malonda a zovala, mpunga ndi mbuzi amakwera. Buku lolembedwa ku London silingakuuzeni zimenezi. Lidzakupatsani tebulo lopanda kanthu, manambalawo ndi anu.

Za mitengo nazonso. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wa golosale amene anagulitsa katundu wake potengera mtengo umene anaodera, atabwerera ku holoselo anapeza kuti ndalama ya makatoni khumi ikugula ochepa. Mtengo umaikidwa poyang'ana zimene mudzalipire pokaodanso, osati zimene munalipira kale. Ndi phunziro la Economics ndi Costing, ndipo ndi lamtengo wapatali kuposa nkhani zonse za anthu olemera a ku America zimene mudzamve m'kalasi.

Maphunzirowo amayenda chonchi m'mayunivesite ambiri. Digiri ndi ya zaka zinayi, chaka chilichonse masemesita awiri. Chaka choyamba mumakhala pamodzi ndi anzanu a madigiri ena a bizinesi: Financial Accounting, Economics, masamu a bizinesi, kalembedwe ndi kayankhulidwe, ndi kompyuta. Kenako mumalowa Marketing, malamulo a bizinesi, Cost Accounting, Statistics ndi kayang'aniridwe ka antchito. Za Entrepreneurship zenizeni, monga kufufuza msika, kulemba business plan, kupeza mpamba ndi kukuza kampani yaing'ono, zimachuluka m'zaka ziwiri zomaliza, pamodzi ndi kafukufuku wanuwanu, ndipo kwina amakutumizani kukaphunzira ntchito ku kampani. Amene amabwera akuganiza kuti athawa masamu amadabwa. Accounting ndi Statistics ndi zimene zimalembetsa anthu sapu (mayeso obwereza), ena mpaka kuwidedwa (kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera). Chifukwa chake n'chimodzi: Accounting imamangidwa ngati khoma. Mukaphonya debit ndi credit, mbali ziwiri za buku la ndalama, masabata atatu oyamba, zonse za pamwamba zimapendekeka, ndipo siilowezeka usiku wa mayeso. Imafuna kukhala pansi ndi pensulo tsiku ndi tsiku.

Kolowera: ku mayunivesite a boma mumafunsira malo kudzera ku National Council for Higher Education, NCHE. Pamafunika makirediti asanu ndi limodzi a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo madigiri a bizinesi amayang'ananso masamu. Kwawo kwa maphunziro a zamalonda ndi ku MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic isanaime payokha mu 2021. Koma musayang'ane kumeneko kokha. LUANAR, ku Bunda, ili ndi Agribusiness Management komanso maphunziro a ulimi wa nsomba, zomwe kwa munthu amene maso ake ali pa nyanja zikhoza kugunda pamtima penipeni. Werengani mndandanda wa NCHE wa chaka chimenecho mwachifatse, dzina ndi dzina, ndipo musadzaze masankho onse ndi madigiri amene aliyense akulimbirana. Ngati mukuganiza za yunivesite yoti si ya boma, monga Catholic University ku Nguludi kapena DMI St John the Baptist imene ili ndi kampasi ku Mangochi konko, chitani chimene muyenera kuchita ndi sukulu iliyonse: tsimikizani ku NCHE kuti digiri imene mukufunayo, pa kampasi imeneyo, ndi yovomerezeka musanalipire tambala. Ngongole ya fizi mumafunsira ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo ndi ngongole ndithu, mudzabweza.

Nanga aphunzitsi anu aja? Ali ndi mfundo. Tsegulani nyuzipepala muone malonda a ntchito: ofuna akauntanti amatchula Accountancy kapena mapepala a mabungwe a akauntanti a ICAM ndi ACCA, pomwe ofuna digiri ya Entrepreneurship mwa dzina ndi ochepa. Ngati abale akudikira malipiro anu a pamwezi kuti azing'ono anu aphunzire, Accountancy ndi njira yotakasuka, ndipo akauntanti saletsedwa kutsegula bizinesi. Koma ngati mukudziwa mumtima kuti mudzabwerera kukagwira geni ya amayi n'kuikuza, tengani Entrepreneurship, kungoti maphunziro onse a Accounting amene akupezeka m'menemo muwagwire ngati ndiwo digiri yanu. Maganizo anga ndi akuti womaliza Entrepreneurship amene satha kulemba mabuku a ndalama ndiponso sanagulitsepo kanthu ndiye amene amavutika kwambiri, chifukwa kuofesi samufuna, kumsika nako ndi mlendo.

Choncho muyambe kugulitsa chaka choyamba chomwe, pang'onopang'ono. Mwachokera kunyanja, anzanu a ku hositelo ndi antchito a pasukulu amafuna usipa wabwino wopanda mchenga. Yambani ndi chigoba chimodzi kapena ziwiri, mumange m'timapaketi tofanana, ndalama zizilowa pa nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba imene simugulirapo ndiwo. Mukhale ndi kope la mizere inayi: tsiku, zolowa, zotuluka, ndi amene atenga pangongole. Mzere wachinayiwu ndi umene udzakuphunzitseni zambiri. Mnzanu wa chipinda chimodzi akati "ndikupatsa Lachisanu", lembani iye akuona. Ndalama ya upkeep (yodyera pasukulu) kapena ya fizi isalowe mu geni ngakhale mpata utaoneka wonona bwanji; katundu akawola mudzataya zonse ziwiri, geni ndi sukulu.

Nthawi ya business plan ikafika, anzanu ambiri adzatsitsa pa intaneti mapulani a malo omwera khofi a m'mizinda ya kunja n'kungosintha madola kukhala makwacha. Inu pitani pa holide ndi kope ku Makawa, ku Malembo kapena ku Msaka, mufunse amalonda makumi awiri mafunso omwewo: ndowa mwaoda bwanji, zawonongeka zingati mwezi uno, mumagulitsa kuti, amakulipirani liti. Musafunse kuti "mungagule?" chifukwa Mmalawi sakana pamaso. Ikani katundu patsogolo pake, mutchule mtengo, muone ngati dzanja lipita m'thumba. Pa zaumisiri wa kaumitsidwe ndi kasungidwe ka nsomba, sukulu ya zausodzi ya ku Mpwepwe ili pakhomo panu pomwepo, komanso a ofesi ya Fisheries paboma.

Geni ikayamba kukula, mapepala ake ndi awa: kulembetsa dzina la bizinesi ku boma, nambala ya msonkho ku MRA, layisensi ya ku khonsolo, ndipo ngati mukufuna nsomba zanu za m'paketi zilowe m'masitolo akuluakulu, a Malawi Bureau of Standards ayenera kuona malo ndi katundu wanu. Popanda mapepalawa mahotela ndi masukulu ogonera konko sangakupatseni oda yaikulu, chifukwa amafuna invoice ndi akaunti ya ku banki ya dzina la bizinesi. Za ngongole za boma kapena za banki muziganize mutakhala ndi kope la miyezi isanu ndi umodzi loonetsa kuti phindu likuposa chiwongoladzanja. Ngati chipembedzo chanu sichilola chiwongoladzanja, monga zilili m'mabanja ambiri ku Mangochi, njira ndi yogawana phindu ndi woika mpamba. Pamenepo lembani pangano: waika zingati, agawana bwanji, nanga katundu akawonongeka aluza ndani. Ngakhale akhale amalume anu omwewo, musainirane pali mboni.

Musanadzaze fomu ya NCHE, pemphani amayi kuti muwaperekeze maulendo atatu otsatizana, kuyambira padoko mpaka kumsika. Inu ntchito yanu ikhale kulemba ndalama iliyonse yotuluka, ngakhale ya madzi akumwa ndi ya wonyamula thumba pa depoti. Pobwerera muwerengere ndowa zingati zimene zikungobweza za ulendo, muwaonetse amayi ndi amalume nambalayo. Ndipo mudzione nokha m'mene mukumvera pochita zimenezi. Ngati kuwerengako kukukomerani kuposa ulendowo, lembani Accountancy pamwamba. Ngati pofika pa Liwonde mutu wadzaza kale ndi maganizo a m'mene ndowa 15 zija zingatsikire pa 10, lembani Entrepreneurship.