Tifunseni: Agogo ankati kwathu ndi ku Nkhoma

Mwezi uno makalata angapo abwera ofunsa za malo amodzi omwewo, nde tangowaika pamodzi.

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndinabadwira ku Harare, ku Highfield. Agogo anga aamuna anabwera kuno kudzagwira ntchito kalekale ndipo mpaka kumwalira kwawo ankangoti kwathu ndi ku Nkhoma kwa Mazengera. Ife timapemphera CCAP konkuno. Chaka chino ndikufuna ndikaoneko, nde Nkhomayo ndi tauni, ndi boma, kapena ndi dzina la mpingo chabe? Mdzukulu wa ku Harare

YANKHO: Achimwene, poyamba penipeni Nkhoma ndi phiri. Ka tauni kanachita kumera m'munsi mwake, mpingo nkudzatenga dzina pambuyo. Si boma ayi, malowa ali m'boma la Lilongwe, m'dera la Mfumu Yaikulu Mazengera yomwe agogo anu ankaitchulayo, makilomita ngati 50 kuchoka mu mzinda. Mukafika ku Lilongwe kwerani minibasi zolowera ku Dedza pa msewu wa M1, mukatsike pa Kamphata, pamenepo pali msewu wa tala wokhota kum'mawa ndipo musavutike nkufunsa kwambiri chifukwa phirilo muziliona patsogolo panu, lamiyala, lotalika pafupifupi mamita 1,800. Musayembekezere ma shopu akuluakulu. Mukapeza msika, timagolosale, a kabaza, kenako nyumba zakale za njerwa zofiira, tchalitchi, chipatala ndi masukulu, basi tauni yathera pomwepo kwinako ndi midzi ndi minda. Mukapita mu June kapena July tengani juzi, kumazizira osati masewera.

Za CCAP yanuyo, sizinangochitika. Amuna ambiri a chigawo chapakati ankapita ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare, kukasaka ntchito m'mafamu ndi m'migodi, nde mishoni inawatsatira, mu 1912 m'busa T.C.B. Vlok, yemweyo anayambitsa nawo Nkhoma, anasamukira kumeneko kukawasonkhanitsa. Mpingo umenewo ndi omwe unadzakhala Sinodi ya Harare mu 1965. Nde mukafika mudzangonena kuti ndine wa Sinodi ya Harare, simukhala mlendo kwenikweni. Koma kuti mupeze abale, dzina loti Nkhoma palokha silikuthandizani, fufuzani kwa azakhali kapena aliyense wamkulu watsala dzina la mudzi ndi la nyakwawa, komanso mfunda wa agogo, kaya anali a Phiri kaya a Banda kaya a Mbewe. Kumeneko anthu amatsata mbumba ya kuchikazi, choncho dzina la mayi awo a agogo kapena la alongo awo ndi lomwe lingakutsegulireni khomo msanga.

FUNSO: Ine chimandidabwitsa nchakuti azungu amishoni anasiyiranji Lilongwe nkukamanga likulu lawo kumudzi kuphiri? Mphunzitsi wa ku Mponela

YANKHO: Aphunzitsi, funso lanu labwino koma mwasokoneza zaka pang'ono, nthawi imene amishoni ankafika ku Nkhoma kunalibe tauni ya Lilongwe yoti nkuisiya. Boma la atsamunda pa Lilongwe linadzatsegulidwa zaka za m'ma 1900 zitayamba kale, ndipo kukhala likulu la dziko ndi za dzana, 1975. Nkhoma ndi wamkulu kwa Lilongwe.

Nkhani yake inayambira ku Mvera ku Dowa. Mu 1889 abusa awiri a Dutch Reformed Church ochokera ku Cape ku South Africa, A.C. Murray ndi Vlok uja, anamanga mishoni yoyamba m'dziko la Angoni a Chiwere, nchifukwa chake akuluakulu mpaka lero amati mpingo wa Adatchi. Nthawi imeneyo Achewa a m'chigwa chino sankagona tulo. Uku nkhondo za Angoni, uku ogwira akapolo ochokera mbali ya kunyanja, nde anthu a Mazengera anathawira m'phiri la Nkhoma nkumakhala momwemo pakati pa matanthwe, kulima timinda tating'ono, kutsika mozemba. Mfumuyo itamva kuti kwa Chiwere kwabwera azungu inafuna nayonso ikhale ndi ake, ndipo tisanamizane apa, sikuti inali ndi ludzu la ulaliki, inkafuna chitetezo, mzungu akakhala pakhomo adani amaganiza kawiri. Mu 1896 Vlok ndi mnzake Du Toit anafika nkumanga m'tsinde mwa phirilo, anthu nkuyamba kutsika pang'onopang'ono kudzamanga midzi pansi. Ine ndimaona kuti mbiri ya malowa timaikamba mopendekera, timayambira pa mzungu ngati anapeza tchire, chonsecho anachita kuitanidwa ndi eni phiri omwe anali ndi zifukwa zawozawo.

Zaka 20 zisanakwane likulu la mishoni linachoka ku Mvera kubwera ku Nkhoma, mwa zina chifukwa cha matenda a kaodzera omwe anavuta kumunsi kwa Mvera mbali ya kunyanja, komanso ku Nkhoma kunali malo olima ndi madzi ochokera m'phiri. Likulu litangobwera zonse zinatsatira, chipatala mu 1915, sukulu yophunzitsa aphunzitsi, ya abusa, makina osindikizira mabuku. Adatchiwa ankalimbikira kwambiri ntchito zamanja ndi ulimi, ukalipentala, kuumba njerwa, kusoka nsapato, ena amawayamikira pamenepo koma ena amadandaula mpaka pano kuti maphunziro apamwamba anawachedwetsa poyerekeza ndi anzawo a ku Livingstonia, ndipo dandaulo limenelo lili ndi mutu wake. Abusa oyamba achikuda, Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza, anadzozedwa mu 1925, chaka chotsatira 1926 Nkhoma inalowa mu CCAP kupeza Blantyre ndi Livingstonia omwe anagwirizana kale mu 1924, ndipo mu 1962 amishoni anapereka zonse m'manja mwa Sinodi.

Chinanso chomwe ambiri sachidziwa, Buku Lopatulika lomwe linatuluka lathunthu mu 1922 ntchito yake yaikulu anaitsogolera W.H. Murray wa mishoni yomweyi, mothandizana ndi aphunzitsi achikuda komanso amishoni ena. Nde ngakhale munthu amene sanapondeko ku Kamphata, kaya ali ku Chipata kaya ku Angonia, Chichewa chomwe amamva pa maliro ndi pa ukwati chili ndi fungo la kumeneku. Sekondale ya anyamata ya William Murray yomwe ili pa Nkhoma dzina lake ndi la bambo ameneyu.

FUNSO: Eti nzoona kuti ku Nkhoma kulibe gule wamkulu chifukwa aliyense ndi wa CCAP? Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Hahaha amene anakuuzaniyo anangofika pa mishoni nkubwerera. Tulukani pang'ono mulowe m'midzi ya kwa Mazengera nthawi yokolola itatha mudzamva ng'oma nokha, kumeneko ndi kuchimake kwa Achewa ndipo madambwe alipo. Zoona mpingo ndi gule akhala akukokana kuyambira kale, wolowa gule amadulidwa mu mpingo, ndipo pofuna kuti atsikana asapite ku chinamwali cha kumudzi mpingo unakonza chake chotchedwa chilangizo, amayi a Chigwirizano nkumalangiza okha. Koma m'banja limodzi mupeza wina ndi mkulu wa mpingo, malume ake ndi a kudambwe, pa maliro onse amakhala pamodzi kudya nsima imodzi. Akatolika, Asilamu ndi ma pentekosite aliponso makamaka pa msika. Anthu ambiri ndi alimi, chimanga, mtedza, soya, fodya, ndipo m'madimba tomato ndi kabichi zomwe zimakathera m'misika ya mu Lilongwe.

FUNSO: Mayi anga maso achita ng'ala, anthu akuti ndipite nawo ku Nkhoma. Nkoyenera ulendo wake? Mayi wa ku Ntcheu

YANKHO: Mayi, anthuwo sanakunamizeni, chipatala cha Nkhoma chinatchuka ndi maso kwa zaka zambiri ndipo opaleshoni ya ng'ala ndi imodzi mwa ntchito zomwe amazidziwa bwino. Koma yambani mwapita nawo ku chipatala cha boma kwanu konko akawaone kaye ndi kukulemberani mu buku la kuchipatala, si kusaona kulikonse komwe kuli ng'ala. Kumbukiraninso kuti ndi chipatala cha mishoni cha pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kumakhala kolipira, nde funsiranitu mtengo ndi masiku omwe a maso amaona anthu musanakwere galimoto. Kuchokera ku Ntcheu simufika mu tauni, mukadutsa Dedza ndi Linthipe mutsikire pa Kamphata pomwepo, ndipo mutengeko chofunda ndi munthu wina wodikirira chifukwa mwina akawagoneka.