Phiri likatsetsereka, thupi limathawira kumbuyo

Mayi wina wandilembera imelo sabata yathayi. Akuti anakwezedwa pantchito n'kupatsidwa anthu 8 oti aziwayang'anira, koma mwezi wachiwiri womwe anasankha molakwika kampani yowagulitsa katundu, ndalama n'kulowa m'madzi. Chichitikireni zimenezo sagamulanso kanthu asanafunse ofesi yonse. Funso lawo ndi lakuti: "Ndingayambirenso bwanji kudzikhulupirira?"

Mayi, ndikuyankhani ndi nkhani ya ski, masewera aja otsetsereka paphiri la chipale chofewa utamanga matabwa awiri kumapazi. Musaseke. Ine ndinawaphunzira ndili wamkulu kale, ku Austria, ndipo tsiku loyamba ndinalithera pansi. Pamene phiri latsetsereka kwambiri, thupi limadzikokera lokha kumbuyo ngati likufuna mpando. Ukangotero nsonga za matabwa zimapepuka, sizilumanso chipale, ndiye kukhota kumakanika, liwiro n'kumangokula. Mphunzitsi wathu ankangokuwa chinthu chimodzi: misongolo izikankha kutsogolo kwa nsapato! Ndiye kuti uweramire komwe ukuopako. Mtima unkakana, koma tsiku lomwe ndinamvera, matabwa aja nawonso anayamba kundimvera.

Kufunsa aliyense kumene mukuchitaku n'kukhalira kumbuyo komweko. Kumaoneka ngati kusamala, chonsecho chiwongolero mwachisiya. Anthu anu 8 aja akuona.

Musaganize kuti zimagwera ophunzira okha. Mikaela Shiffrin wa ku America anapata golide wa Olimpiki ku Sochi mu 2014 ali ndi zaka 18 zokha. Ku Beijing mu 2022, patadutsa zaka ziwiri bambo ake atamwalira mwadzidzidzi, analephera kumaliza mipikisano itatu. Pa wa slalom, wokhotakhota pakati pa timitengo, umene amaudziwa ngati chikhatho chake, anaphonya njira atangoyamba kumene, n'kukakhala m'mbali pachipale, mutu uli pamawondo, makamera a dziko lonse ali pa iye. Anabwerera kwawo opanda mendulo. Mwezi wotsatira womwe anatenga chikho chachikulu cha World Cup ya ski kachinayi, ndipo mu Marichi 2023 ku Åre, Sweden, anapambana mpikisano wa World Cup ka 87, kupitirira katswiri wina, Ingemar Stenmark, amene anali ndi 86 kuyambira 1989. Munthu wake yemweyo, miyendo yomweyo. Beijing sinamuchotsere luso limene anali atalisula kwa zaka zambiri, monganso kampani imodzi ija sinafufute zimene mabwana anu anaona pokukwezani.

Koma chimene ndimachikonda kwambiri pa akatswiriwa n'chimene amachita mpikisano usanayambe. Amapatsidwa nthawi yoyendera njira. Amatsika pang'onopang'ono chammbali, kuima pa timitengo tokhotera, kuona pamene chipale chauma gwaa ngati galasi, kufunsana ndi makochi awo. Kenako pamwamba paja mudzawaona atatsinzina, manja akukhotakhota m'mwamba, akuyenda njira yonse m'mutu. Akangodzikankha poyambira, mafunso atha. Maso amakhala pa timitengo tam'tsogolo, kamene wakagunda kapita. Woti aziganizirabe kamtengo kapitako amaphonya kotsatira.

Ndiye kufunsa si tchimo ayi, koma kuli ndi nthawi yake ndi anthu ake. Bwererani ku nkhani ya kampani ija kamodzi kokha, ndi pepala. Kodi simunafunse amene anagulako kale? Munafulumira chifukwa mtengo unali wotsika? Lembani chimene munadumpha, chikhale pamndandanda wa zoyendera ulendo wina, fayilo n'kutseka.

Lolemba likubwerali tengani nkhani imodzi yaing'ono, kaya ndi ndandanda ya tchuthi cha antchito. Funsani anthu awiri amene akuidziwa bwino, osapitirira apo. Pofika Lachitatu muime pamaso pa onse n'kunena kuti, "Ndamva maganizo anu, tichita chonchi." Mawu akhoza kunjenjemera, ine mawondo amanjenjemerabe ndikaima pamwamba paphiri. Lachisanu mundilemberenso mundiuze mmene nkhope zawo zinaonekera.