London Knights: momwe timu yopambana masewero 3 okha inasandukira chimphona cha OHL

Mayi wina amene anasamukira ku London ya ku Ontario, m'dziko la Canada, watilembera imelo. Akuti mwana wawo wayamba kukonda hockey ya pa ayezi ndipo pakamwa pake sipachoka dzina la London Knights. Funso lawo ndi ili: ngati osewera ake ndi anyamata osapitirira zaka 20, bwanji anthu pafupifupi 9,000 amadzaza bwalo kukawaonera? Nanga n'zoona kuti timuyi kale inali yolephereratu?

N'zoona mayi, koma kuti mumvetse bwino tiyambe ndi malamulo a ligi yake, chifukwa mbiri ya Knights yagona pamenepo.

Knights imasewera mu Ontario Hockey League, OHL mwachidule, ligi ya matimu 20 momwe timu iliyonse imasewera masewero 68 ndime yochotsana isanayambe. Osewera ake ndi a zaka 16 mpaka 20, ndipo a zaka 20 saloledwa kupitirira atatu pa timu imodzi. Chaka chilichonse matimu amasankha anyamata a zaka 15 ndi 16 mosinthana, amene anathera pansi ndiwo amayamba kusankha. Mnyamata akasankhidwa amachoka kwawo, n'kukakhala ndi banja lina la mumzinda wa timuyo lomwe limamudyetsa ndi kumusunga ngati mwana wawo, uku akupita kusekondale. Ligi imamulonjezanso fizi ya kukoleji molingana ndi zaka zomwe wasewera. Wosewera wabwino amakhala zaka zitatu kapena zinayi basi, ndipo wabwino kwambiri NHL, ligi yaikulu ya akatswiri a hockey ku Canada ndi America, imamutenga ali ndi zaka 18 kapena 19. Choncho timu iliyonse imaphwasuka yokha pakapita zaka zochepa, ndipo mwini wake ayenera kuimanganso.

Timuyi inayamba mu 1965 ndi dzina loti London Nationals, pansi pa Toronto Maple Leafs, panthawi yomwe matimu a NHL ankadzilerera okha osewera. Mchitidwe umenewu utatha, Howard Darwin anagula timuyi mu 1968, n'kuitcha Knights ndi kuiveka zobiriwira ndi zachikasu. Kwa zaka zoposa 30 zotsatira inatulutsa akatswiri monga Darryl Sittler, Dino Ciccarelli ndi Brendan Shanahan, koma chikho cha ligi ayi. Inafika m'ndime yomaliza mu 1977 n'kugonja kwa Ottawa 67's, ndiponso mu 1999 pamene Belleville Bulls inaigwetsa pa sewero lachisanu ndi chiwiri, lomwe linali lotsiriza m'ndimeyo.

Zomwe munamvazo zinachitika mu sizoni ya 1995-96. Pa masewero 66, Knights inapambana 3, inafanana mphamvu 3, n'kugonja 60. Mpaka lero anthu a hockey akafuna kutchula sizoni yoipitsitsa mu ligiyi amatchula imeneyi.

Zinthu zinatembenuka mu 2000 pamene Dale Hunter ndi mng'ono wake Mark, pamodzi ndi Basil McRae, anagula timuyi. Onse atatu anasewerapo mu NHL. Dale ankadziwika ndi nkhanza pa ayezi: mu NHL anadutsa mapointi 1,000 (zigoli zake kuphatikiza zomwe anapatsira anzake) komanso mphindi 3,000 za chilango chotulutsidwa pa ayezi, zomwe palibe wina anachitapo. Iye anatenga ukochi mu 2001, Mark n'kumayang'anira zosankha ndi kusinthanitsa osewera. Mu 2002 timu inachoka m'bwalo lakale la kunja kwa tawuni, lolowa anthu pafupifupi 5,000, n'kulowa m'bwalo latsopano pakati pa mzinda, lomwe poyamba linkatchedwa John Labatt Centre, kenako Budweiser Gardens, panopa Canada Life Place. Bwalo limeneli musalipeputse pa nkhaniyi. Anthu 9,000 olipira pakhomo ka 34 pa sizoni ndiwo amalipira anthu oyendayenda kukasaka luso m'mabwalo a ana, makochi othandizira ndi zipangizo zomwe timu ya m'tawuni yaing'ono singakwanitse.

Sizoni ya 2004-05 ndiyo yomwe masapota achikulire angakusimbireni mpaka kutha mawu. Chaka chimenecho NHL sinaseweredwe konse chifukwa cha mkangano wa malipiro pakati pa eni matimu ndi osewera, ndiye anyamata omwe mwina akanakwera anatsalira m'matimu awo. Knights inayamba ndi masewero 31 osagonja, 29 kupambana, 2 kufanana mphamvu, n'kumaliza ndi 59 opambana pa 68. Corey Perry anatolera mapointi 130. Timu inatenga chikho cha OHL koyamba, kenako Memorial Cup, chikho chachikulu cha achinyamata ku Canada chomwe chakhala chikulimbiranidwa kuyambira 1919. Pachikhochi pamakumana akatswiri a maligi atatu, OHL, WHL (ya kumadzulo) ndi QMJHL (ya ku Quebec ndi kum'mawa), kuphatikiza timu ya mzinda wochititsa. Ndime yomaliza inachitikira pakhomo pawo, ndipo anachapa Rimouski Océanic ya Sidney Crosby, yemwe anadzakhala katswiri wamkulu mu NHL, 4-0.

Kupambana kamodzi kotere matimu ambiri amakwanitsa, ndipo njira yake ndi yodziwika. Januwale akamayandikira, nthawi yosinthanitsa osewera isanatsekedwe, timu yomwe yanunkhiza chikho imapereka anyamata ake a zaka 16 ndi 17 pamodzi ndi mwayi wake wosankha wa zaka zakutsogolo, kuti ipeze akatswiri a zaka 19. Kumeneko n'kudya mbewu. Sizoni ikatha akatswiriwo amapita, m'nkhokwe mulibe kanthu, ndipo timu imakhala zaka ziwiri kapena zitatu ikukwawa pansi. Chodabwitsa cha Knights n'chakuti kuyambira nthawi imeneyo sinagwerenso m'dzenje lotere. Inatenganso OHL mu 2012, 2013, 2016, 2024 ndi 2025.

Njira yawo imodzi inali kusankha anyamata omwe matimu ena ankawaopa. Kale mnyamata akangosewera mu OHL ankataya ufulu wosewera hockey ya m'makoleji a ku America pansi pa NCAA, motero ambiri ankauziratu matimu kuti asawasankhe. A Hunter ankawasankhabe mochedwa, pamene sakutaya zambiri, n'kudikira. Patrick Kane anasankhidwa m'gawo lachisanu mu 2004, anabwera mu 2006, anapanga mapointi 145 pa masewero 58, ndipo mu 2007 anakhala woyamba kusankhidwa mu NHL. Matthew Tkachuk nayenso anabwera chimodzimodzi, ndipo ndiye anamwetsa chigoli cha m'nthawi yowonjezera pamene Knights inagonjetsa Rouyn-Noranda Huskies 3-2 pa Memorial Cup ya 2016 ku Red Deer, ali ndi Mitch Marner ndi Christian Dvorak pambali pake. Masapota a matimu ang'onoang'ono amadandaula kuti anyamata otere amavomera London yokha, ndipo ife tikuona kuti dandauloli lili ndi nzeru: lamulo loti wotsalira ayambe kusankha limatha mphamvu ngati wosankhidwayo angathe kukana kubwera.

Njira ina ndi kudekha. Mnyamata wa zaka 16 ku London kawirikawiri sapatsidwa mphindi zambiri, ena amayamba atumizidwa ku timu ya m'munsi. Makolo ena zimawawawa kuona mwana wawo ali pa benchi pamene anzake kwina akusewera, koma akafika zaka 18 amakhala atadziwa kale kasewero ka timu, ndipo malo a amene achoka amadzaza msanga. Mu 2024 anagonja 4-3 kwa Saginaw Spirit m'ndime yomaliza ya Memorial Cup, chigoli chitalowa kutatsala masekondi osakwana 30. Ambiri mwa anyamata omwewo anabwereranso mu 2025 n'kugonjetsa Medicine Hat Tigers 4-1 ku Rimouski.

Mwana wanu akafuna kusewera yekha, dziwani kuti ku Knights salembetsa. Amayamba m'matimu a ana a mumzindamo, ndipo a msinkhu wapamwamba, monga London Jr. Knights, ndiwo amaonedwa ndi osaka luso mnyamata akamafika zaka 15. Dziwaninso kuti mu Novembala 2024 NCAA inasintha lamulo lake, moti kuyambira 2025 wosewera wa OHL angathe kupita kukoleji ya ku America. Anyamata sakuopanso kubwera ali ndi zaka 16, koma tsopano angathe kuchoka ali ndi 18 kapena 19, pa msinkhu womwe a Hunter akhala akuwadalira kwambiri.