Funsani Makaniko: Ma spacer ndi mashokabuzoba pa Land Cruiser yakale

Funso: Akonzi, ndili ndi Toyota Land Cruiser 80 ya chaka cha 1996 imene ndimayendera m'misewu ya fumbi ya ku Rumphi. Chiikireni matayala okulirapo a 285/75R16, tayala lakutsogolo limakhula mkati ndikakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, ndiponso galimotoyi ikadutsa pabampu imanjanja kangapo isanakhazikike. Makaniko wina wandilangiza kugula ma spacer (zitsulo zokankhira matayala kunja) a mamilimita 50 pamodzi ndi mashokabuzoba atsopano. Kodi ndiyambe ndi chiti? (Wowerenga wa ku Rumphi)

Yankho: Bambo, yambani ndi mashokabuzoba, pakuti kunjanja kumene mwatchulako ndiko kungakugwetseni m'ngozi, pamene kukhula kwa tayala kumangolidya pang'onopang'ono. Shokabuzoba sinyamula galimoto monga ambiri amaganizira. Amanyamula ndi masipuling'i, ndipo ntchito ya shokabuzoba ndi kuletsa sipuling'i kuti isapitirize kudumphadumpha, kuti tayala likhale logwira pansi. Ikatha, galimoto yolemera kupyola matani awiri ngati yanuyi imapendama pokhota ndiponso imachedwa kuima mukaponda buleki pamsewu wa mabampu.

Musanagule kalikonse, lowani pansi pa galimoto ndi tochi. Shokabuzoba yonyowa mafuta m'mbali mwake, fumbi litamatirira ngati phala, yatha ntchito. Onaninso timphira ta kumapeto kwake ngati tang'ambika, ndipo muyeze msinkhu wa galimoto mbali zonse zinayi, chifukwa Land Cruiser 80 ili ndi masipuling'i opiringizika kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo akafooka galimoto imatsika, zomwenso zimachititsa tayala lalikulu kukhula. Mashokabuzoba amasinthidwa awiriawiri, akutsogolo limodzi kapena akumbuyo limodzi, ndipo utali wake uyenera kugwirizana ndi masipuling'i amene alipo. Ngati galimoto inakwezedwa ndi mamilimita 50, shokabuzoba ya utali wa kufakitale imakokeka mpaka kumapeto tayala likagwera m'dzenje, ndipo sikhalitsa. A KYB kapena Monroe ndi okwanira pa galimoto yosakwezedwa. A Old Man Emu ndi Bilstein ndi odula, koma amapirira bwino kutentha kumene kumabwera mukayenda nthawi yaitali pamsewu wokumbika monga wopita ku Nyika.

Amene ali ndi Land Cruiser 100, imene inayamba kupangidwa mu 1998, achenjere: zina mwa izo, pamodzi ndi Lexus LX470, zili ndi makina a AHC okweza ndi kutsitsa galimoto pogwiritsa ntchito mafuta, ndipo pamenepo shokabuzoba wamba singolowetsedwa popanda kusinthanso zina.

Kunena za ma spacer, mamilimita 50 ndi ochuluka kwambiri pa vuto lanuli. Spacer ndi chitsulo chozungulira chimene chimakhala pakati pa habu (pomangirira limu pa galimoto) ndi limu n'kukankhira tayala kunja. Tayala likatalikira, kulemera kwa galimoto kumapanikiza mabering'i mopendekera kotero kuti amatha msanga, chiwongolero chimagwedeza manja tayala likagunda mwala, ndipo tayala lotulukira kunja kwa madigadi limaponyera matope ndi timiyala m'mbali mwa galimoto. Pagalimoto imene inapangidwa mu 1996, ndipo mwina mabering'i ake sanatsegulidwepo, ine sindingaike zimenezo. Masipuling'i akakhala bwino tayala n'kumakhulabe, njira yabwino ndi kupeza malimu opangidwa motulukira kunja pang'ono, ndipo ngati ndalama sizikulola, spacer ya mamilimita 25 kapena 30 ndi yokwana.

Pogula muonetsetse kuti ndi ya mabawuti 6 pa muyeso wa mamilimita 139.7 (kutambalala kwa bwalo la mabawutiwo), umene ndi wa Land Cruiser 80. Ya 100 ndi ya mabawuti 5 pa 150, ndipo sizilowana. Sankhani yomangidwa ku habu ndi manati akeake, yokhala ndi mabawuti akeake omangirapo limu, komanso bowo lapakati logwirana ndendende ndi habu. Zosemedwa mwachisawawa ku zidutswa za chitsulo zisiyeni, ngakhale zitsike mtengo chotani. Spacer yopyapyala yongolowetsa imafupikitsa mabawuti, chonsecho nati iyenera kulowa utali wosachepera kunenepa kwa bawuti. Pa bawuti la mamilimita 12 la galimoto yanu, nati izungulire kosachepera 8.

Makaniko apale dzimbiri lonse pankhope ya habu ndi burashi ya waya, aone ngati nsonga za mabawuti akale sizikugunda kumbuyo kwa limu, ndipo amange manati ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) molingana ndi buku la galimoto, osati kuponda sipanala ndi mwendo. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, chotsaninso matayala kuti manati a mkati, amene saoneka limu likakhalapo, ayesedwenso, kenako mukayezetse alignment, kutanthauza kuwongoka kwa matayala.